Khomo Lathu Ndi Lalikulu

Lolemba, 9 Juni

Yayamba kulemba? Eya, ndikuona timalemba tikuthamanga. Chabwino. Foni iyi wandikonzera ndi mwana wanga wamkazi wamkulu, akuti ndizingolankhula, iyo izilemba yokha, poti dzanja langa ndi cholembera sizinagwirizanepo chiyambire. Akuti zindithandiza kusiya kulankhula ndi makoma. Ndiye pano ndikulankhula ndi foni. Chitukuko chimenecho.

Nkhani ili apa ndi iyi. Bambo a m'nyumba muno ali kuchipatala, chifuwa. Adokotala akuti mapapo awo atopa, utsi ayi, kuzizidwa ayi. Pomwe m'nyumba muno mwezi uno mumazizira ngati mufiriji ya pabutchala, ndipo chimene chatifunditsa zaka zonsezi ndi mbaula ya makala pakati pa balaza. Mbaula ija yaimbidwa mlandu, yapezeka yolakwa. Woweruza ndi mwana wanga yemweyo, amene chiyambire ali wamng'ono timamutchula kuti a Jaji, chifukwa iye safunsa, amangogamula.

Chigamulo ndi ichi: wagula chitofu cha nkhuni, chachitsulo, chotseka, cha chumuni chotulutsira utsi kudenga. Bambo akutuluka Loweruka. Akafika n'kupeza chitofu chikuyaka, m'nyumba mopanda utsi, bambo agona pabedi pawo. Akapeza zina, akuwatenga kukakhala nawo kunyumba yake yosanja, "mpaka tidzaone." Ine mwana wanga ndimamudziwa. Makina anga osokera anawatenga mpaka tidzaone, khanda limene linali kumsana tsiku limenelo pano likumeta ndevu.

Ine kumeneko malo anga kulibe. Kabedi ka alendo n'kamodzi, masitepe mawondo anga anawakana kalekale, kuno nkhuku zikufuna munthu. Ndiye kuti bambo uko, ine kuno. Tinatengana tsitsi lili bii, lero adzatilekanitse ndi utsi?

Masana anaimba a kusitolo, mayi wina waulemu wake. Akuti lole ingafike? Ndati ifika. Pabalaza ndi pasimenti? Pasimenti. Kenako akuti, "Nanga khomo lanu ndi lalikulu?" Funso lanji limenelo. Ndawauza kuti ndi lalikulu kwambiri, ukwati wa a Jaji tinadyera pomwepa, anthu onse anakwana, magalimoto ndii mpaka kumpanda. Akuti, "Basi mayi, ndiye kuti sitivutika." Anthu ena amaona ngati aliyense amakhala m'bokosi la machesi.

Lachiwiri, 10 Juni

A sitolo anati abwera m'mawa. Sananene m'mawa wa tsiku liti. Wolakwa ndine, sindinafunse.

Ndasesa, ndakolopa, mipando ndakankhira kukhoma, ndakhala pakhonde nditavala bwino ngati ndikudikira alendo olemekezeka. Amene afika ndi alamu anga, ang'ono awo a bambo, ife timati a Ndinanena. Amwa tiyi, amaliza buledi, akuti zitofu zoterezi amazidziwa kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndafunsa kuti anachiona kuti. Akuti pa TV. Ndiye mtima wanga wakhala pansi, katswiri tili naye.

Lachitatu, 11 Juni

Chafika. Ndiyambire pati? Dikira ndikhale kaye, msana.

Lole yafika dzuwa lili paliwombo, ine sopo ali m'manja. Dalaivala ndi mnzake atsitsa chibokosi chamatabwa pa kachikepe ka kumbuyo kwa lole, pang'onopang'ono ngati akutsitsa mkwatibwi, n'kuchikhazika pageti penipeni. Kenako mapaipi akuda ataliatali, ndi kachipewa kachitsulo. Ndati, "Zikomo bambo, njira ndi iyi, pabalaza ndakonza kale." Akuti, "Ife timathera pageti, mayi. Kulowetsa ndi za mmisiri, abwera mawa." Ndati nanga chigona pamsewu? Akuti, "Musaope, palibe angabe. Wakuba akachinyamula ameneyo mumulembe ntchito." N'kundijambula ndi foni nditaima pambali pa bokosi, umboni wakuti katundu wafika, ine ndi thovu langa m'mikono. Ulendo.

Ndiziika apa kuti ndisadzaiwale: a sitolo akati tikubweretserani kunyumba, kunyumba kwakeko ndi pageti.

Alamu anatulukira ngati anabisala kuseri kwa mpanda. Akuti kameneka n'kochepa, iwo ananyamulapo injini ya thirakitala. Anakabwereka wilibala kwa aneba. Bokosi litangokhudza wilibala, tayala linangoti fwaa, ngati lapuma komaliza. Aneba akuti palibe kanthu, koma nkhope yawo ikunena zina. Pomaliza tinaitana azibambo amene ankadutsa, anayala mitengo pansi n'kumachigubuduza, uku akukuwa, uku alamu akulamula manja ali m'thumba. Chinafika pakhonde, njira yanga ya maluwa itasanduka munda wolimidwa.

Anaphwasula matabwa. Ndisaname, n'chokongola. Chakuda bii, chitseko chagalasi, timiyendo tifupitifupi ngati galu wonenepa. Ndinachisisita ndithu.

Ndiye tinafika pachitseko cha nyumba.

Chinalowetsa mphuno yokha, mapewa anakana. Anachitembenuza chammbali, chinakana. Chambuyo, chinakana. Mmodzi wa azibambo aja akuti, "Amayi, kapena tingomanga nyumba ina mochizungulira pakhonde pompa." Onse kuseka. Alamu akuti, "Ndinanena." Ananena liti, kwa ndani, kaya.

Ndinaimba kusitolo nditapsa mtima. Mayi waulemu uja akuti, "Paja munati khomo ndi lalikulu?" Ndati ndi lalikulu, bwerani mudzaone, lole yanu ikanafuna ikanatembenukira pabwalo osagunda kanthu. Kenako akuti, "Mayi... ine ndimanena khomo lolowera. Pachitseko." Ndati nanga bwanji simunanene kuti chitseko? Munthu akakufunsa za pakhomo pako umamuyankha za matabwa? Ndinamva wina akuseka chapatali kumeneko, mpaka kutsokomola. Aseke. Iwo ndi ophunzira, mawu ali nawo ambiri, anasankha limodzi lokhala ndi mitu iwiri.

Fufuta pamenepo. Ayi, usafufute, ndi zoona.

Kunayamba kuwaza, ndiye ndachifunditsa pulasitiki ndi bulangete la bambo. Chitofu chimene anagula kuti chitifunditse, ndayamba ndine kuchifunditsa. A Jaji sindinawauze. Aimba, ndati chafika bwino. Bodza palibe, kufika chafika.

Lachinayi, 12 Juni

Mmisiri wabwera, bambo wamtali wosathamanga, pensulo ili kukhutu. Tsiku lonse sindinaione ikulemba, koma ilipo. Ndikuwatchula a Pensulo.

Anaima pakhonde, kuyang'ana chitofu, kuyang'ana chitseko, kuyang'ana ine. Akuti, "Anayeza ndani?" Ndati palibe anayeza, tinakambirana. Sanaseke, mwina kusitolo anasekeratu.

Ine ndimaganiza kuti chitofu umangoika pamene mtima wako wafuna ngati mpando. Ayi ndithu. Pakona pamene ndinasesa akuti sipotheka, pamwamba pake padutsa mtanda wa denga, chumuni sichingaboole mtanda. Kukhoma chisagunde, chimafuna mpata kumbuyo ndi m'mbali. Kabati ya mbale ichoke, matabwa angapse. Makatani a windo lapafupi achoke. Kapeti wanga wapulasitiki uja adulidwe, pansi pa chitofu ayalepo matailosi, kutsogolonso, kuti khala likagwa ligwere pamwala. Chithunzi chathu cha ukwati chisamuke. Ndati bambo, mungonena kuti ine ndisamuke, chitofu chitsale ndi nyumba. Akuti, "Inu mukhoza kukhala, mayi, bola musayanike zovala pamwamba pake." Zikomo kwambiri pondilola.

Kenako anayamba kuchivula. Chitseko chagalasi anachotsa. Njerwa za m'kati anatulutsa imodziimodzi n'kuziyala paudzu. Chitsulo cha phulusa, zogwirira, timiyendo, zonse pansi. Chinatsala chibokosi chamaliseche. Chitseko cha nyumba anachichotsanso pamahinjesi. Anayesa. Chinakana ndi kampata ngati chala changa chaching'onochi. Chala chimodzi! Windo ndi laling'ono, khomo la kukhitchini ndiye la mphaka.

Akuti njira yatsala imodzi, kuzula felemu yonse pakhoma, kulowetsa, kenako kubwezera.

Bambo ndi kalipentala, moyo wawo wonse. Chitseko chija ndi felemu yake anapanga okha tisanafolere n'komwe nyumba, anapala okha, anakhoma okha. Anachichepetsa dala, akuti khomo lotambalala limalowetsa mphepo ndi alendo. Chimatseka mwakachetechete, kungoti tchi, ngati chikwama cha mayi wolemera. Alendo akabwera amawaonetsa chitseko kaye, ana pambuyo. Mwana akachimenyetsa, tsiku limenelo nyumba yonse imalapa.

Ndati ndiganize kaye. A Pensulo akuti ganizani, koma Loweruka silikuganiza.

Madzulo ndinapita kuchipatala. Bambo awonda, kolala ya shati ikuzungulira yokha m'khosi. Akuti, "Mayi, chija chafika?" Ndati chafika. "Chalowa?" Ndati chili m'njira. Akuti, "Muwauze anyamatawo asamale chitseko, asachikande." Ndati ee bambo, chitseko achiika pambali bwinobwino. Za felemu ndinameza. Anandigwira chala n'kunong'ona kuti, "Ine kosanja kuja sindikufunako. Munthu kulavula malovu mpaka kupempha chilolezo."

Ndatuluka pachipata cha chipatala n'kuimbira a Pensulo. Ndati zulani.

Lachisanu, 13 Juni

Fumbi lili m'tsitsi, m'makutu, mu shuga. Ndikulankhula mano akuchita gegede ndi mchenga.

Felemu yazulidwa. Pamene ankaigogoda ndinapita kukhola la nkhuku kukawerenga nkhuku zimene ndikuzidziwa kale. Phokoso lake ngati akuzula dzino la munthu amene umamudziwa. Nditabwerako nyumba inali yasamu, chitofu chili pabalaza pa matailosi ake, chakhala ngati mwini nyumba, ngati sichinavutitsepo munthu.

Ndimati zatha. Kunali kuyamba. A Pensulo anamangirira kamwala kuchingwe, kuloza pamwamba, n'kuboola siling'i. Kenako makwerero, padenga, kudula malata. Ndinayang'ana kumwamba ndili pabalaza panga n'kuona mtambo. Zaka zonsezi takhala tikumata timabowo ta misomali kuti mvula isalowe, lero ndamuphikira tiyi munthu woti aboole dzenje lolowa mutu. Anatsitsa mapaipi, kulumikiza, kumata polumikizira ndi simenti yakuda ya m'kachitini. Pamene paipi yadutsa siling'i anaikapo ina yokhuthala, akuti kuti matabwa asamve kutentha. Padenga anavekapo kolala yoletsa mvula, pamwamba kachipewa. Chumuni chatalika kupitirira msonga ya denga. Aneba akuti, "Mwatsegula fakitale?" Ndati ee, ya mawilibala.

Anakhomanso kakoloko kopanda manambala pakhoma, akuti kakamva mpweya woipa wosaoneka kalira. Ngakhale mphuno yanga aichotsa ntchito.

Alamu anabwera ndi nkhuni pa njinga, mphatso, akuti zosankha. A Pensulo anatenga ziwiri n'kuzimenyanitsa, zinangoti bu, bu. Akuti nkhuni youma imalira ngati belu, izi zikuyamwabe, mukaika umu mutseka chumuni ndi mwaye, galasi lida. Alamu akuti, "Ndinanena kuti zikufuna kuyanika." Ndinakagula zouma kwa bambo wa pamphambano. Tsopano ndine mayi woyenda m'misika kumenyanitsa nkhuni kukhutu, anthu aziti zayamba.

Felemu. A Pensulo akuti iwo ndi a zitsulo ndi moto, matabwa sakhudza, ndipeze kalipentala. Kalipentala ndimudziwa mmodzi, ali pabedi ndi paipi m'mphuno. Alamu akuti magazi ndi amodzi, luso lili m'banja. Anatenga hamala ya achimwene awo. Sindinena zambiri. Chitseko chabwerera, koma kuti chitseke uyenera kuchinyamula ndi bondo, kuchikankha ndi phewa, n'kuchipempha. Pamwamba pali mpata wolowa dzanja, pansi chikulima simenti. Luso lili m'banja, koma linathera kwa oyamba kubadwa.

Ndiye pochoka a Pensulo, chikwama chili kale paphewa, akuti, "Lero musayatse, simenti iume. Mawa kamoto kakang'ono. Kanunkha, kafukanso pang'ono, ndi penti ikupsa kuti ikhwime. Mutsegule mawindo. Masiku angapo timoto ting'onoting'ono, kenako zitha." Ndati bambo, mawa ndi Loweruka. Akuti ee, Loweruka. Ndati odwala akubwera mawa, woweruza ali pambali. Akuti, "Penti sidziwa zimenezo, mayi." Mawu ofunika chonchi amanenera pageti, phazi limodzi lili kale pamsewu.

Loweruka, 14 Juni

Ndinalawirira kuti fungo lithe asanafike. Nzeru zanga. A Jaji anati afika madzulo.

Tinkhuni towonda, pepala, machesi. Kamoto kanagwira bwino, ndikukaonera pagalasi ngati TV. Ndinamwetulira ndekha. Kenako chitsulo chitayamba kutentha, eee. Fungo ngati wina akuwotcha nsapato za pulasitiki pamodzi ndi matayala. Kautsi kotuwa kakutuluka pamsana pa chitofu, osati m'kati ayi, pathupi penipeni. Mawindo onse ndinatsegula, chitseko ndinachinyamula ndi bondo n'kuchisiya pululu. Ndikukupiza ndi thaulo pakati pa balaza, maso akuyoyoka misozi, mphepo yozizira ikudutsa ngati pamsewu.

Hutala pageti. Chipatala chimene chimasunga munthu tsiku lonse kudikira sitampu, lero lokha chawatulutsa m'mamawa.

A Jaji analowa okha, bambo anawasiya m'galimoto. Anaima pakhomo. Anayang'ana utsi, mawindo, thaulo, ine. Akuti, "Amayi." Basi, mawu amodzi. Ndati mwanawe, ndi penti, mmisiri wanena, zitha. Akuti, "Munthu wachoka pa mpweya wa m'botolo dzulo, mukufuna ndimulowetse muno?" Ndati kakoloko ako sikakulira. Akuti, "Ine ndikumva ndi mphuno yanga." Nanenso ndinkakhosomola. Woweruza anapeza mbala ili ndi nkhuku kukhwapa.

Ndinapita kugalimoto. Bambo ali kumpando wakumbuyo, afunditsidwa mpaka m'chibwano, galasi analitsitsa pang'ono pokha. Chitseko cha nyumba sichioneka bwino uli pageti, mwayi wokhawo wa lero. Akuti, "Chumuni chaima bwino." Ndati ee. Akuti, "Nkhuku zili bwanji?" Ndati zili bwino. Tinayang'anana. Zaka zonsezi tikukangana za mchere, za wailesi, za amene wasiya nyale, lero tinasowa chonena. Ndinalowetsa zala pampata wa galasi, anazigwira. Zawo zinali zozizira.

A Jaji akuti, "Mpaka tidzaone, amayi."

Zimitsa. Ndati zimitsa, iwe foni.

Lamulungu, 15 Juni

Kamoto kachiwiri. Fungo lachepa. Madzulo nyumba inafunda, yafundira ine ndi mphaka.

Lolemba, 16 Juni

Ndayamba kuchidziwa chinthuchi. Pansi pali kachitsulo kokoka, ukakoka moto umadzuka, ukakankha umagona. Chikanakhalapo chotere cha alamu. Chitseko chake sutsegula mwaphuma, umayamba pang'ono, apo ayi chimakupumira kumaso. Phulusa sutaya lonse, umasiyako pogonera moto. Galasi likada umapukuta ndi pepala lonyowa loviika m'phulusa lomwelo, litazizira. Chogwirira chimaotcha, chala changa ndi mboni.

Lero ndayatsa moto waukuluko. Fungo latsala lakutali, ngati aneba akusita. Ketulo ndinaika pamwamba, inawira yokha popanda kuiuzira, popanda kulira nayo misozi. Zaka zonse ndakhala ndikugwada pambaula ngati ndikupepesa.

A Pensulo anadutsa kudzaona. Anayatsa nyuzi pakamwa pa chitofu, utsi wonse unathamangira m'kati ngati waitanidwa. Akuti chikukoka bwino, penti yakhwima, odwala abwere. Ndati muwauze nokha a Jaji, ine mawu anga ndi a munthu wosadziwa kusiyanitsa khomo ndi khomo. Anaimba. Ndinamva mawu a mwana wanga akutuluka mufoni, aulemu, osalala: "Zikomo bambo, tamva, tiona." A Pensulo akuti, "Avomera." Osauka. Sakudziwa kuti tiona ndi mng'ono wake wa mpaka tidzaone.

Bambo anaimba masana, monong'ona, akuti ali kubafa. Akuti chakudya chilibe mchere, wailesi akuti imasokoneza ana powerenga, pawindo akuona denga la anthu ena ndi nkhunda. Akuti zitseko za kumeneko n'zamapepala, ukagogoda zimalira ngati katoni. Ndati mukudya? Akuti akudya. Ndati mukukhosomola? Akuti pang'ono. Kenako akuti, "Mwanayu akuti Lachitatu abwera kudzatenga zovala zanga zonse, ndi jekete yaikulu."

Zonse. Munthu wobwerera sabata yamawa samutengera zonse.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndachapa, ndasita, ndalongedza m'chikwama chachikulu. Ndinatulutsanso. Ndalongedzanso.

Ndikuganiza, mwina mwanayu akulondola. Kumeneko chipatala chili pafupi, galimoto ilipo. Ine ndili ndi chiyani, chitofu ndi nkhuku. Samachita mwankhanza ayi, amawakonda bambo ake, ndinaona Loweruka mmene anawafunditsira m'galimoto muja. Kungoti chikondi chake chimabwera ndi sitampu.

Masokosi awo a ubweya ndawasiya m'dirowa. Akawafuna abwere adzatenge.

Lachitatu, 18 Juni

Ndikunong'ona, ndili kukhitchini. Ulembe bwino.

Abwera onse awiri. Bambo anakana kutsala, akuti palibe amene amadziwa jekete imene akufuna. Moto ndinali nditayatsa kuyambira m'mawa, nkhuni zolira belu zokhazokha, mawindo otseka, galasi mbee.

A Jaji analowa patsogolo, chitseko anachita kulimbana nacho. Anayamba kununkhiza. Pakati pa balaza, kuseri kwa chitofu, m'makona, kuchipinda, ngati galu wa apolisi. Anayang'ana polumikizira mapaipi, anayang'ana kakoloko, anatuluka panja kukayang'ana kudenga. Anabwerera atavula juzi. Sananene kuti mwafunda, juzi ndi imene inanena. Akuti, "Lero mulibe utsi. Nanga mawa? Mukaiwala n'kuika zaziwisi?" N'kunyamula chikwama chija.

Nthawi yonseyi bambo chitofu sanachiyang'ane n'komwe. Chinthu chimene chandidyera sabata, chathyola wilibala, chaboola denga. Anaima pakhomo ndi ndodo yawo, akutsegula chitseko, kutseka, kutsegula. Chikulima pansi, khwee, khwee. Analowetsa dzanja pampata wapamwamba, linatulukira kunja.

Akuti, "Ndani?"

Ndati ang'ono anu.

"Ndi mwala?"

Ndati ndi hamala yanu.

Anatseka maso. Ndinati basi, tibwerera kuchipatala. Ndinayamba kufotokoza za foni ya kusitolo, za chala chimodzi, anangokweza dzanja. Akuti, "Mayi, bokosi langa la zipangizo."

A Jaji akuti, "Adadi, galimoto ikudikira."

Akuti, "Idikire. Nyumba yanga igone ndi chitseko chotere? Anthu odutsa aziti kalipentala uja anamwalira?"

A Jaji akuti fumbi la matabwa adokotala analetsa. Bambo akuti, "Ndani wati ndipala ine? Upala ndiwe, panja. Ine ndizingoloza. Unkandigwirira matabwa usanayambe sukulu, manja amenewo sanaiwale." N'kukoka mpando wawo, kuukhazika pafupi ndi chitofu ngati akhala akutero moyo wonse, n'kutambasula miyendo. Apo m'pamene anachiyang'ana, n'kuti, "Hmm." Kwa bambo amenewa hmm ndi mendulo.

A Jaji akuti, "Ndiye ntchito imeneyi itenga nthawi yaitali bwanji?" Bambo akuti felemu imafuna kuleza mtima. Kuzula misomali ya mbuli ija, kuwongola, kupala, kumata, kudikira kuti paume, kenako mahinjesi, kenako vanishi. Akuti sabata ino sitimaliza, mwinanso yamawa. Akunena zimenezi akundiyang'ana cham'mbali. Ine ndinawaonapo bambo amenewa akuimika felemu tiyi asanazizire. Ndinangoti ee, zoona, felemu ndi yovuta.

Mwana wanga anaima pamenepo, chikwama kudzanja ili, kiyi kudzanja ilo. Anayang'ana bambo ake. Bambowo sanakhosomole chilowereni, masaya ayamba kubwerera mtundu. Mwanayo anayang'ana ine. Ndinayang'ana mphaka.

Bambo akuti, "Tenga levulo, ugwire apa. Ndi manja awiri."

Chikwama anachiika pansi. Kiyi m'thumba.

Pano misomali ya alamu yazulidwa, ili m'mbale, yopindikapindika ngati nyongolotsi. A Jaji agwada pakhomo ndi siketi ya kuofesi, akugogoda kamphero pansi pa felemu, levulo ili m'mwamba. Chikwama ndachikankhira kuchipinda ndi phazi, pang'onopang'ono, iwo maso ali pa kathovu ka m'levulo. Bambo ali pampando akuti, "Sikanafike pakati, gogodanso pang'ono. Ayi, wapitiriza, bwezera."

Popereka tiyi ndinasuzumira. Kathovu kali pakati penipeni.